Makomo Atatu a Bwana Kodi

Sukulu ya pa Nyamphota,
Dera la Mlolo,
21 Novembala, 1927.

Kwa Wolemekezeka Bwana Wamkulu Woyang'anira Masukulu, kumtunda.

Bwana,

Ndine Damiano Zuze, mphunzitsi wa kasukulu ka pamudzi pano. Ndinalekezera Sitandade 3, choncho mukhululuke zolakwa za m'kalata ino. Kalatayi ndaiwerenga kale pabwalo la tchalitchi, kuti anthu onse amve mmene ndikukuthokozerani.

Mwezi wa Epulo mesenjala wanu anatiuza kuti kukubwera Kodi kuchokera kumtunda, ndipo sukulu imene Kodi sadzakondwera nayo idzatsekedwa. Nditamufunsa kuti kodi chiyani, anati Kodi basi, nakwera njinga yake. Bwana, yathu ikatsekedwa, sukulu ina ili tsidya la Shire, ndipo palibe mayi amene angatumize mwana pakati pa ng'ona m'mawa uliwonse chifukwa cha a, e, i, o, u. Koma sindikudandaula ayi. Ndalemba kuti ndithokoze.

1. Ndikuthokoza kuti simunatilemetse ndi kufotokoza. Ife kuno mawu oti kodi timayambira funso, ndiye titamva kuti Kodi akubwera tinayesa ndi mzungu watsopano wokonda kufunsa. Tinasesa, tinasunga tambala, ana anaphunzira nyimbo yolonjera Bwana Kodi, ndipo Loweruka katatu tinaima padooko kudikira sitima ya pamadzi. M'mwezi wa Juni a Lorenso, akatekisiti athu amene amapitapita ku Chiromo, anatiuza kuti Kodi si munthu koma pepala la malamulo atsopano oyendera masukulu. Tambalayo sitinadye, kuopa kuti mwina a Lorenso anamva molakwa. Tsopano wakalamba.

2. Popeza pepalalo silinafike, takhala tikutsata zimene zikumveka. A Lorenso anamva ku Chiromo kuti khomo la sukulu liziyang'ana kumsewu. Tinaboola. A Jeremiya, amene amaolotsa anthu pabwato, anamva ku Bangula kuti liziyang'ana kum'mawa. Tinaboolanso. Khomo lachitatu ndinaboola ndekha, nditaganiza kuti nanga onse awiriwo akakhala kuti analakwa? Khomo lakale tinalimata. Mazenera alipo asanu ndi awiri, pakuti palibe anamva nambala yofanana ndi ya mnzake. Mphepo ikulowa bwino, mbuzi nazonso, ndipo khoma limene latsala n'lochepa moti kulipaka njereza sikuchedwa.

3. Za chimbudzi, ena anati chikhale mapazi makumi atatu kuchokera pasukulu, ena makumi asanu. Takumba maenje anayi. Limodzi linagwira mbuzi ya mayi Priska. Ili moyo, koma eni ake sakundipatsanso moni.

4. Ndikuthokoza kwambiri chifukwa cha luso limene ana apeza. Kuwerenga aiwalako, koma kuponda matope palibe sukulu ingawapose kuyambira kuno mpaka kwa Ndamera. Makolo ataona zimenezi anati ngati nkhani ndi ya matope, matope ali kudimba komwe, ndipo thonje likudikira. Ana anali makumi anayi ndi atatu. Atsala khumi ndi asanu ndi anayi. Kenaka kunamveka kuti Kodi ifuna ana makumi awiri. Ndinayenda mudzi wonse osapeza mmodzi, mpaka ndinalemba dzina la mkazi wanga Esinala. Amakhala kumbuyo ndi sileti, mwana ali kumsana. Waphunzira kulemba dzina lake, ndipo m'mawa uliwonse amakweza dzanja n'kundifunsa pamaso pa ana ngati mlendo wanga uja wafika. Ana amaseka. Ine sindimulanga, pakuti akachoka tibwerera pa khumi ndi asanu ndi anayi.

5. Kalata yanu ya sabata yatha yandifika, ndipo ndaiwerenga kasanu ndi kawiri. Ikuti Bwana Woyendera afika pa 12 Disembala, ndipo adzayesa sukulu motsata Kodi, imene ikuganiziridwabe. Ndamvetsa, Bwana. Kumtunda kumazizira, inki imachedwa kuuma. Kuno imauma isanafike papepala, n'chifukwa chake ife timafulumira zinthu mopanda nzeru. Chokhacho n'chakuti mvula yayamba kugunda kumapiri, ndipo Shire sadikira pepala. Chaka chatha madzi anafika m'mawondo m'kalasi muno, khoma lili ndi khomo limodzi lokha. Chaka chino adzasankha okha polowera.

Kuno kuchigwa, munthu akatichitira zabwino timati takhuta. Ndithu, Bwana, takhuta.

Tsopano pempho langa, ndipo ndikulipereka nditagwada. Ngati Kodi ingathe kunyamuka Bwana Woyendera asananyamuke, ngakhale ndi tsiku limodzi, tidzagumula kapena kumata chilichonse imene idzanene. Ngati singathe, ikwere naye sitima imodzi, kuti iye ndi ine tidzaiwerengere limodzi pansi pa mtondo, tonse kwa nthawi yoyamba. Koma ngati nazonso n'zovuta, ndipo sukulu yathu iyenera kutsekedwa chifukwa chophwanya lamulo limene silinalembedwe, chonde mutidziwitse khomo limene mudzatseke. Tili nawo atatu, ndipo sindifuna kuti Bwana adzavutike ulendo wonsewu n'kutseka lolakwika.

Ana khumi ndi asanu ndi anayi, ndi Esinala, akupereka moni. Adzakhala ataima padooko ndi tambala uja, ndipo adzalonjera Bwana ndi mawu okhawo amene ofesi yanu yatiphunzitsa chaka chino: Kodi?

Ine wantchito wanu wamng'ono ndi wamantha,

Damiano Zuze,
Mphunzitsi, kufikira pa 12 Disembala.