Ndinaimitsa Lumo Pamutu pa Azakhali

Kwathu ku Domwe, mpaka lero ndikangotsokomola pamaliro anthu amayang'anana mwamantha, kuopa kuti mwina ndikufuna kuyankhula. Sindiwaimba mlandu. Zimene ndinachita tsiku lometa maliro a msuweni wanga Lusiyano, akanachita galu akanamugenda.

Nthawi imeneyo ndinkasoka zovala pakhonde la kantina ya Mpwitikizi wina ku Ulongwe. Bwana wangayo, amene tinkamutcha patarawu, anali ndi radiyo, ndipo masana ankakhala ndi mnzake wogula kachewere, akumwa vinyu ndi kukangana za nkhondo. Ine mwendo pamakina, khutu pazenera. Chipwitikizi ndinkamva theka (theka linalo ndinkadzazamo ndekha), koma Loweruka ndikapalasa njinga kupita kumudzi, ndinkafika ngati dziko lonse ndinalisoka ndine.

Mkangano wawo waukulu unali wa chisankho cha ku Amereka. Kumeneko, ati, anthu amasankha okha pulezidenti wowalamulira. Anapikisana awiri, nkhalamba yodwaladwala imene inali kale pampando ndi wina wocheperapo msinkhu. Inapambana nkhalamba. Patarawu ankamenya thebulo n'kumakuwa kuti, "Akanapambana winayo, nkhondo bwenzi itatha kale, asilikali onse ali kwawo!" Mawu amenewo ndinawapinda bwinobwino n'kuwaika m'thumba.

Lusiyano anali mwana yekhayo wamwamuna wa azakhali anga aNangozo, mlongo wawo wa bambo. Pothawa chibalo anadutsa pa Kalomwe kupita ku Dedza n'kukalembetsa usilikali kwa Angelezi. Nkhondoyo sinali yathu, Apwitikizi sankamenya nawo, koma iye anati bola kunyamula mfuti kusiyana n'kuswa miyala pamsewu sipayo, wapolisi wa Apwitikizi, ali kumbuyo ndi chikoti. Anamutumiza ku Bama. Titangokolola chimanga, kunabwera munthu wa ku Dedza ndi kalata komanso bulangete. Mtembo panalibe. Tinakulunga bulangetelo mumphasa n'kukaika kumanda.

Azakhali analira, inde, koma anali ndi mawu amodzi amene ankatsamira ngati ndodo: "Linali tsiku lake. Ngakhale akanakhala pano pakhomo likanamupeza." Ndi mawu amenewo ankatha kudya, ankatha kugona. Ine chitsiru sindinaone kuti mayiyo analibenso pena pogwira.

M'mawa wa tsiku lometa, abale tinasonkhana pabwalo. Kwathu tsiku limenelo m'pamene timanena chimene chadya munthu. Pakapanda woloza chala, lumo limayenda, nkhani yatha, anthu abalalike. Mayi wina anali atayamba kale kumeta azakhali, mbali imodzi ya mutu itayera. Bambo, pokhala malume wa malemu, anatembenukira kwa ine.

"Iwe umamva za m'radiyo. Tawauza anthuwa kumene kuli Bama, adziwe komwe wagona mwana."

Anandifunsa kumene kuli Bama, basi. Ndikanangoti ndi kutsidya kwa nyanja yamchere n'kukhala pansi, lero bwenzi ndili munthu wolemekezeka. Koma nditaona makutu onse aja atatchera kwa ine, chinachake chinandilowa. Ndinafotokoza za sitima zam'madzi, za nkhalango, za mvula yosakata (zonsezi ndinali ndisanazionepo). Anthu akugwedeza mitu. Kenaka ndinapisa m'thumba muja.

"Chomvetsa chisoni n'chakuti zonsezi sizikanachitika akanapambana winayo."

Lumo linaima.

"Winayo ndani?" anafunsa azakhali.

Bambo anandiponyera diso loti khala pansi. Ine ndinaliyesa diso lonyadira mwana. Ndinafotokoza zonse, za nkhalamba, za mnzakeyo, za asilikali amene bwenzi ali kwawo akulima.

"Ndiye kuti tsiku lake silinali limeneli?"

"Kungoti, azakhali, akanasankha bwino..."

"Anasankha ndani?"

"Anthu akumeneko. Ambirimbiri."

"Maina awo?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndaloza chala. Azakhali anakankha dzanja la wometa uja n'kumanga mpango kumutu.

"Alongo, mwamva nokha. Mwana wanga anachita kumusankhira imfa. Lumo lisandikhudzenso mpaka eni mlandu atabwera pano."

Mkulu wina anafunsa, osaseka ngakhale pang'ono, kuti ku Amereka ndi ulendo wa masiku angati wapansi. Wina anati tikaombeze ula. Bambo anangonyamuka, ndipo mwezi wathunthu sanayankhe moni wanga.

Lolemba ndinalimba mtima n'kufunsa patarawu ngati zinali zoona kuti winayo akanathetsa nkhondo. Anaseka mpaka kutsamwa ndi vinyu.

"Ine ndimangomuputa mnzangayu! Winayo akanamenya nkhondo yomweyo. Ndiponso asilikali anu a ku Bama amawalamula ndi Angelezi. Nkhalamba yakoyo nayo inamwalira kale." Kenaka kuseka kunatha. "Ndikadzamvanso kuti ukuphunzitsa anthu zosankha owalamulira, ndikupereka ndekha kuposito, kwa akuluakulu a boma."

Loweruka ndinapalasa njinga ngati ndathamangitsidwa ndi njuchi, ndili ndi nkhani yabwino (ndinkaganiza choncho). Ndinawapeza azakhali ali khale pakhonde, nyemba zili mulu pabwalo zosapuntha.

"Azakhali, ndinalakwitsa. Sipakanasintha kanthu. Linali tsiku lake ndithu, monga munkanenera. Ngakhale wopambana uja naye anamwalira."

Anadzutsa mutu. "Wamwalira?"

"Eya."

"Atangopambana kumene?"

"Patangopita miyezi yochepa."

"Ehe! Magazi a mwana wanga amutsata. Nanga ukuti unalakwitsa chiyani? Akuopseza kukantinako eti?"

Ndinapita kukasoka pobooka, ndinabwerako nditang'amba nsalu yonse.

Kumeta sikunamalizidwe. Tsitsi linamera pansi pa mpango, mbali ina lalitali mbali ina lalifupi. Azakhali anayamba kuonda. Mayi amene ankapirira imfa ya mwana tsopano ankangokhalira kunena za moyo umene mwanayo akanakhala nawo. Mtsikana akamadutsa ndi mtsuko ankati, "Uyu bwenzi ali mpongozi wanga." Denga likamadontha ankati, "Akanapambana winayo bwenzi atandifolerera." Ndinkamva chisoni chosaneneka, ndi manyazi pamwamba pake, moti ndinayamba kuzungulira njira yakudimba kuti ndisadutse pakhomo pawo.

Ananditsata okha. Tsiku lina ndinangoona atulukira pakhonde la kantina, mapazi ali mbuu ndi fumbi, atayenda wapansi kuchokera kumudzi, nkhuku ili kukhwapa.

"Unapita kusukulu ya ansembe iwe. Lemba kalata kwa wolephera uja."

"Ndilembe kuti chiyani, azakhali?"

"Umuuze kuti kuno ku Domwe kuli mayi wina amene akanasankha iyeyo, kungoti sanandifunse. Umuuze kuti mwanayo dzina lake anali Lusiyano, alidziwe. Nkhukuyi ndi ya wonyamula kalata."

Ndinalemba papepala lodulira malaya, khutu likumvetsera ngati patarawu akutuluka. Ndinawawerengera kawiri. Anavomera, anandithokoza mpaka kuomba m'manja, n'kuuyamba ulendo wobwerera. Koma dzina la munthuyo sindinkalidziwa bwino, ndipo kalata yonena za chisankho kukaipereka kuposito, kumene makalata onse ankadzera, kunali kudzipereka ndekha kwa sipayo. Ndinaibisa m'kabati ya makina. Nkhukuyo ndinadya (musandiyang'ane choncho, ndikanaibweza ndikanati chiyani?).

Amati munthu amachenjera ndi chipsera, koma chipsera chimene chinandichenjeza ine chinali pathupi la wina. Azakhali anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, ndipo nthawi iliyonse tikakumana, moni usanayambe, ankafunsa kuti, "Wayankha?"

Ndinkati, "Sanayankhe, azakhali." Pa zonse zimene ndinanenapo za Amereka, zoona zinali zokhazo.

Iwo ankagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ali ndi manyazi, mwana wa eni. Musiye, kulephera kumawawa."