Tulo Tandichititsa Manyazi Pamaliro

Lolemba
Tulo tinandithawa kalekale. Pa wailesi akuti kusagona kungabweretse matenda oiwalaiwala, omwe aja agwira amayi ku Madzimoyo. Ine mwana wawo woyamba sandidziwanso. Ndikuopa, sindikufuna kudzafunsa ana anga kuti ndinu yani. Sabata ino ndigona basi!

Lachiwiri
Ku kiliniki, kukapempha mapiritsi a tulo. Adokotala: "Amayi, zoti mankhwalawa amateteza munthu kuti asamaiwale sizikudziwika bwino. Yambani mwasiya tiyi wamadzulo." Tiyi! Wawalakwira chiyani? Ndakakamira mpaka andipatsa ochepa.

Lachitatu
Zosiya: tiyi, foni pabedi, kukangana ndi abambo akunyumba. Iwo akungoliza mkonono ngati chigayo. Nsanje! Piritsi ndikuliopa, ndangoliyang'ana mpaka tambala kulira. Magalasi sindikudziwa pomwe ndawaika. Zayambika!

Lachinayi
Ndalimba mtima, ndameza limodzi dzuwa litangolowa. Ndisanavule n'komwe, uthenga: agogo a kwa aZulu, anansi athu, atisiya. Maliro a pakhomo sajomba. Chitenje m'chiuno, ulendo wokachezera kusiwa.

Lachisanu
Manyazi! Woyambitsa nyimbo mumphakati wathu wa kutchalitchi ndine. Akuti ndime yoyamba ndinaiyamba bwinobwino, yachiwiri unali mkonono, mutu uli paphewa la namfedwa. Amayi aPhiri a m'kwaya: "Tinakutsinani, anzathu, mpaka zala kutopa." Sindikukumbukira kalikonse. Mankhwala oti ndisaiwale andiiwalitsa usiku wonse!

Loweruka
Maliro taika. Kumanda azimayi akungondiloza ndi milomo. Namfedwa mwiniwake wandifunsa ngati ndapumula mokwanira. Ndikanakonda nthaka itang'ambika. Mapiritsi otsala ndawaponya m'chimbudzi. Tiyi ndamwa, wa mkaka, wa shuga wambiri. Maso ali gwa.

Lamulungu
Ku Madzimoyo. Amayi ali pamkeka kuseri kwa nkhokwe, akusenda nshawa. Andiyang'ana nthawi yaitali: "Ndinu a kuti, mayi?" Mtima wandipweteka, ndangoti ndachokera ku Chipata. Iwo: "Maso anuwo ngosagona. Gonani apa." Andifunditsa chitenje chawo, ayamba kundisisita pamsana. Kaya kuiwalako kudzandipeza, kaya ayi, ndatopa nako kukuthawa. Ndadzuka dzuwa litapendeka, dzanja lawo likadali pamsana panga.