Mtambo wa Tumbine m'Chitini cha Shuga

Anzanga amene mumandifunsa kuti chinkhoswe changa chinathera pati, ndikuuzeni kamodzi nonse, pakamwa pandiwawa ndi kuyankha mmodzimmodzi.

Ine ndinkangofuna kupereka mphatso kwa azakhali ake a Zito, mnyamata amene ankati andikwatira. Azakhaliwo, a Firimina, ndiwo anamulera, ndipo kwawo ku Mongue palibe chimachitika iwo asanavomere. Anali atanena kale kuti mtsikana wa ku koleji, wosalankhula, wongoyang'ana anthu ngati akuwawerenga, iwo sakumumvetsa. Ndiye ndinati poti pakamwa panga ndi polemera, manja andilankhulire.

Ku koleji ku Nampula tinaphunzirako luso la magalasi. Umatenga galasi lathyathyathya, n'kusefera pamwamba pake ufa wa magalasi amitundumitundu mpaka chithunzi chituluke, kenako n'kuika mu uvuni wamagetsi kuti zonse zisungunuke n'kugwirana. Ndinaganiza zopanga phiri la Tumbine, lomwe ndimaliona ndikangotuluka pakhomo, lobiriwira m'munsi, mtambo woyera utakhala pamutu pake. Koma ku koleji ufawo unkabwera wosinjasinja m'timabotolo. Kuno ku Milange ungaugule kwa yani? Ndinati ndisinja ndekha.

Ndinakatola mabotolo kuseri kwa baraka logulitsira mowa pafupi ndi msika, obiriwira a phiri, ofiirira a dothi, oyera a mtambo. Amuna a njinga zonyamula anthu anandiona ndikuwamanga mu kapulana, chitenje changa chovala, wina n'kufunsa ngati onsewo ndamwa ndekha. Ndinangowerama n'kumapita. Kuwerama kumeneku ndi kumene kwandisiya pamene ndilipa.

Amayi sindinawauze, poti iwo amati ku koleji ndinakaphunzira kuseweretsa zinyalala. Ndinkadikira apite kumunda, n'kutenga mtondo wakale wong'aluka umene tinautaya kuseri kwa khola la nkhuku, kudzimanga mpango pamphuno ndi pakamwa monga anatiphunzitsira, n'kumasinja ndi chitsulo. Tsopano taganizani kuti ndinu a Rozita, oyandikana nafe, amene ankabwera kwathu pafupipafupi ndi kakapu kudzapempha shuga. Mwasuzumira pampanda, mwaona mtsikana wabisa nkhope, akusinja mabotolo mobisa, kusefa, kusinjanso. Kuno kwathu munthu amasinjiranji botolo? Ndani sanamvepo za mkazi wansanje amene anathira magalasi m'ndiwo za mwamuna wake? A Rozita anandifunsa kuti ndikukonza chiyani. Ndikanatha kufotokoza za phiri ndi mtambo wake, koma ndinangoti palibe. Munthu wa dipuloma, chitsulo kumanja, nkhope yobisa, ati palibe!

Ufa wobiriwira ndi wofiirira unathera pachithunzi, koma woyera unatsala wambiri, ndipo galasi loyera ukalisinja limatuluka mbee, lonyezimira. Ndinafuna pousunga pouma, potsekeka bwino, ndipo m'nyumba monse chitini chopanda kanthu chokhala ndi chivundikiro chinali chimodzi. Inde, cha shuga. Ndinachikankhira pansi pa bedi langa, n'kudzitama kuti ndine wosamala.

Uvuni wamagetsi kunalibe, koma malume anga a Anselmu ankawotcha njerwa. Chithunzi changa, chomwe ndinachisefera pa galasi la windo lakale, ndinachiika m'mbale yadothi, kuvundikira ndi inzake, kumata dothi m'mbali monse, n'kuwapempha achilowetse pakati pa njerwa. Anavomera osafunsa.

Lamulungu lotsatira, uvuni usanazizire, a Firimina anatulukira ndi Zito atachoka ku Misa, osatumiza mawu. Ndinagwada, kupereka moni, n'kuthawira kukhitchini kukadula buledi. Potuluka ndinamva amayi akundiyamikira, zimene sanachitepo chibadwire changa. Ankati mwana wawo ndi wofatsa koma woganiza patali, onani, posesa apeza shuga amene anabisira alendo pansi pa bedi. Chitini chili pamphasa, chotsegula. A Firimina anali atathira kale m'kapu yawo ya tiyi, akutakasa, akudandaula kuti shuga wa masiku ano sasungunuka, kenako kapu ija inanyamuka ulendo wa kukamwa.

Sindinadziwe kuti ndimatha kudumpha chotero. Mbale ya buledi inapita kwake, ine kwanga, dzanja langa n'kumenya kapu, tiyi yense n'kukhuthukira pa kapulana yawo yatsopano ya amayi a kutchalitchi.

"Musamwe, mayi, muli magalasi!"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinawalankhula mokweza pamaso pa apongozi anga. Ndipo pampanda panali yani? A Rozita, kakapu kawo kali kumanja. Sanadikire kuitanidwa. Analowa n'kufotokoza kuti iwo akhala akuona zonse, mtondo, chitsulo, mpango kunkhope, ndi kuti atandifunsa ndinakana. Amayi anayamba kulira. Zito ankangoyang'ana matope oyera amene anatsala m'kapu, kenako ine, kenako kapu. Ndinayesa kunena kuti ndi mtambo. A Firimina anafunsa kuti mtambo wanji wokhala m'chitini cha shuga, ndipo kunena zoona, funsolo linali labwino.

Malume, atathamangira phokosolo n'kundifunsa pambali, ndiwo anaziziritsa zinthu. Anati mwana wapanga mphatso, ili mu uvuni, onse abwere tsiku lophwasula uvuniwo adzaone okha. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaona kale a Firimina atanyamula Tumbine wanga kuloza kudzuwa, kuwala kobiriwira kukugwera pankhope pawo, a Rozita akufuna pobisala.

Tsikulo anabwera a kwa Zito, a kwathu, ndi anthu ena amene palibe anawaitana. Malume anatulutsa mbale zomata zija, zakuda bii ndi utsi, ndipo ndinamva mayi wina akunong'ona kuti zomata chonchi iye anaziona kamodzi, zitafukulidwa pakhomo pa munthu. Ndinagumula dothi lija. Moto wa njerwa suli ngati wamagetsi woti uuchepetse, ndipo magalasi a mabotolo osiyana sagwirizana pozizira, amakokana n'kung'aluka. Zimenezi ndinazilemba pamayeso n'kukhoza bwino. M'mbalemo munali chibulumwa chakuda, chong'aluka pakati, phulusa litamatirira, chili ndi matuza awiri pamwamba ngati maso a chule.

A Firimina anachita chizindikiro cha mtanda, n'kufunsa mofatsa kwambiri.

"Ndiye ichi mumati mupatse ine, mwanangu?"

Ndinavomera.

"Kuti ndikachiike pati?"

Apa munthu wanzeru akanakhala chete, ndipo kukhala chete ndi luso langa lenileni. Koma tsiku limenelo ndi limene pakamwa panga panasankha kutseguka. Ndinati kuchipinda kwawo, pawindo, kumutu kwa bedi, kuti chizikhala choyamba kuchiona akadzuka.

Anaimirira, kukutumula kapulana, n'kuuza malume kuti za chinkhoswe adzatumiza mawu. Mawuwo akuyendabe wapansi kuchokera ku Mongue. Zito poyamba ankaimba foni kunena kuti ndidekhe, azakhali mtima ukhala pansi. Pano akudekhera ku Mocuba, ndipo ndamva kuti kumeneko kuli mtsikana wogulitsa makapulana amene amalankhula osapuma. Azakhali akuti ameneyo amukonda, poti zonse za mumtima mwake zimamveka.

Ine ndatsala ndi chibulumwa changa, chimene amayi amatsekerezera chitseko mphepo ikamawomba. Kumaliro ndi kumaukwati amayi a m'dera lathu salola kuti ndiyandikire miphika, ngakhale mchere sandituma. Anzanga manja akuchita matuza ndi mithiko, ine ndakhala pamthunzi ngati mlendo wolemekezeka. Botolo sindidzasinjanso, ndalumbira, ndipo wina akadzandifunsa chimene ndikuchita, ngakhale ndikungosenda chinangwa, ndidzamufotokozera mpaka athawe yekha.

Koma musati luso langa silinapindule. Chichokereni tsiku limenelo a Rozita sanabwerenso ndi kakapu kawo, ndipo shuga wathu tsopano akumakhalitsa.