Lachinayi Ndidzatumiza Jekete

Kwa Bwana Wamkulu Wolemba Anthu Ntchito,
Kampani ya Tidzakuimbirani.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine uja mumamuitana nthawi zonse mukafuna kalaliki wa katundu, wa jekete yotuwa, wokhala pa mpando wa kuchitseko. Musavutike kundikumbukira, mutu ungakupwetekeni. Ndikudziwa kuti lamulo lanu limati ofunsidwa mafunso akhale atatu, ndipo poti mmodzi amakhala mwamusankha kale, enafe ndi ongodzaza mipando. Dzulo mwandiimbiranso kuti ndibwere Lachinayi. Ndisanayankhe, ndiloleni ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha benchi la m'khonde. Mumatiitana m'mamawa n'kutilowetsa dzuwa litapendeka. Pabenchi pamenepo ndaloweza kalendala yanu yonse, ndipo mimba yanga yaphunzira kulira motsitsa mawu.

Chachiwiri, ndiyamikire makutu anu. Mumati ndifotokoze mbiri yanga, kenako maso pa foni, chala chili kalikiliki. Mayi a kumanja kwanu amakhala akulimbana ndi chikhadabo, bambo a kumanzere akusinza mwaulemu wake. Ulendo wathawu ndinati ndikuyeseni pang'ono. Mutandifunsa chofooka changa, ndinayankha kuti ndinamwalira chaka chatha ndipo maliro anga anayenda bwino. Inu munagwedeza mutu, n'kunena kuti kampani ikufuna anthu otero, mpaka kulemba papepala. Koma abale! Ngakhale kupepesa maliro, Bwana?

Chachitatu, mafunso anu ndi ozama zedi. Ntchito yake ndi yoyang'anira makatoni, koma simunandionetsepo ngakhale katoni imodzi kuti muone ngati ndingathe. Inu chimene mumafuna kudziwa n'chakuti ndikanakhala nyama, ndikanakhala nyama yanji. Tsiku lija ndinachita chibwibwi, pepani, koma yankho ndalipeza: galu wa pakhomo pa butchala, wokhuta fungo. Ndipo sindinganyoze njira yanuyi, chifukwa imabala zipatso. Aliyense amene mwamusankha sachedwa kuchoka, makatoni n'kumutsatira, malo n'kutsegukanso, ife n'kuitanidwanso. Ntchito yolemba anthu ntchito siingakuthereni.

Tsono nkhani ili apa. Ine ndimagulitsa misomali ndi penti m'shopu ya munthu. Ndi kantchito konyozeka, koma ndi komwe kamayatsa moto kwathu. Eni shopuyo anena mosapsatira kuti ndikadzajombanso chifukwa cha inu, ndisadzapondeponso. Mayi a kunyumba nawo akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo akunena zoona. Koma foni yanu ikalira, mtima wanga wopusawu umadumphabe, n'kumati mwina ulendo uno.

Chimene chimandiwawa, ndinene poyera, ndi mwana wanga wamkazi. Ulendo woyamba anauza anzake onse kusukulu kuti bambo ake akukayamba ntchito m'nyumba ya magalasi. Ankandichingamira pamsewu kuti amve mmene zayendera. Masiku ano akaona ndikusita jekete amangoyang'ana pansi n'kutuluka panja. Mwana wamng'ono wayamba kuchitira bambo ake manyazi, inu mukusewera pa foni.

Choncho pempho langa, modzichepetsa, ndi ili. Lachinayi ine ndidzakhala pa misomali yanga. Koma kuti lamulo lanu la anthu atatu lisasweke, ndidzatumiza jekete. Alamu anga, omwe ndi eni ake, avomera kale. Mudzangoikoleka pa mpando wa kuchitseko uja, simudzaona kusiyana kulikonse. Mafunso anu onse inawamva, pabenchi siitopa, njala siyiimva. Mukadzaifunsa chofooka chake, ndi batani lapakati, limagwedera.

Ikadzakhoza, ilembeni ntchito, makatoni siingabe. Ikadzalephera, musadzawononge mayunitsi, mudzangoipereka kwa alonda a pageti. Iyo ingathe kubwerera chimanjamanja kangapo konse, chifukwa ilibe mwana woidikirira pamsewu.

Ine wanu wogwada mpaka maondo kuchita zipsera,

Malemu wa pa Mpando Wachitatu.