Denga Loyenera Kudontha

Lolemba
Chisakasa chaima pabwalo ku Salford, kuno ku Mangalande. Ndi cha Sukoti, chikondwerero cha Ayuda chokumbukira misasa ya makolo awo m'chipululu. Wodutsa aliyense azilemba za kwawo papepala lodulidwa ngati tsamba. Abwana akuti anthu akalemba ambiri, kontirakiti yanga aiwonjezera. Viza yanga yatsamira pa kontirakitiyo. Ndakonza: masamba mazana asanu, onse ndawapachikiratu mkati, zolembera, ulusi, mankhwala a mutu.

Lachiwiri
Mvula. Denga la nthambi lomwe amisiri asiya likudontha ngati sefa. Kwathu ku Ntcheu wofolera chonchi amasekedwa mpaka kuchigayo. Ndayala pulasitiki pansi pa nthambi, mfundo makumi anayi. Dontho palibe. Ndanyada.

Lachitatu
Abwera a Rabi, mkulu wa sunagoge, munthu wofatsa. Ayang'ana kumwamba nthawi yaitali. "Mwamanga bwino, koma iyi ndi nyumba. Chisakasa chathu chimaonetsa nyenyezi, ndipo mvula imalowa." Nyenyezi ku Salford! Ndamasula mfundo zonse makumi anayi. Chikondwerero chiyamba madzulo ano.

Lachinayi
Lero ndi mawa ndi masiku opatulika, osunga mwambo salemba. Mkuja ndi Sabata, salembanso. Zinali mu imelo ya a Rabi, tsamba lachiwiri. Ine ndinawerenga loyamba kanayi, poti linali la zopewa moto. Mvula ikapuma mabanja akulowa, akudya, akuthokoza. Zolembera osazikhudza.

Lachisanu
Olemba lero: mayi wodikira basi, woledzera mmodzi, ine kasanu ndi dzanja lamanzere. Mvula yalowa monga mwa lamulo. Masamba asanduka phala la buluu.

Loweruka
Abwana abwera ndi kamera. Agwira tsamba limodzi, lawatsalira m'zala. "Tikambirana Lolemba." Mkazi wanga, pochokera kuntchito kuchipatala, nsapato asanavule: "Bambo a Tadala, sukulu yonse ija kuti muzimanga denga lodontha?"

Lamulungu
Lero nkololedwa kulemba. Abwera ambiri, polemba palibe. A Rabi andikhazika pabenchi, andipatsa buledi woviika mu uchi. Akuti chisakasachi tsopano nchenicheni, chimakumbutsa munthu kuti pomwe akukhala sipokhalitsa. Ndawauza kuti zimenezo ndikuzidziwa, anandidindira mu pasipoti. Dontho likugwera m'kolala. Sindisuntha, pena paliponse nchimodzimodzi.