A Juzi ndi Eyakoni Yawo

Mumsewu mwathu muno munali bambo wina amene sankatsitsa magalasi a galimoto yake, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ngati zimenezo n'zochepa, akamayendetsa ankavalanso juzi yaubweya yofika m'khosi, pakati pa chilimwe. N'chifukwa chake tinkawatchula kuti a Juzi, ndipo dzina lawo lenileni mwina ankalidziwa ndi a kubanki okha. Ine ndimameta anthu pakona apa, kalilole wanga amaonetsa msewu wonse, ndiye musanditsutse.

Galimotoyo inali yaikulu, yaitali, yija yokwera mochita kudzikoka, ya mipando mpaka kumbuyo kwenikweni. Anaigula atapuma pa ntchito, ndi ndalama zija amakupatsa potsanzikana nawe. Inali itadutsa kale m'manja mwa anthu ena, koma inali ndi chinthu chimene mumsewu monse munalibe: eyakoni, makina aja oziziritsa m'kati. Tsiku lofika nayo anatiitana mmodzimmodzi kuti tilowe timve. Ine ndinasiya kasitomala mutu uli theka. Munali mozizira ndithu, mpaka mano anandiwawa.

"Mwamva?" anandifunsa.

"Ndamva, bambo."

"Ndiye mukauze anzanu."

Tinauzadi anzathu, ndipo a Juzi anatchuka. Munthu yemwe moyo wake wonse ankakhala pa desiki yakumbuyo, wosapatsidwa moni ndi aliyense, tsopano ankaimitsidwa pamsewu. Wodwala, woyembekezera, wopita kukalandira mlendo kudepoti, onse ankagogoda pageti pawo. Sankakana munthu ndipo ya mafuta sankalandira. Ankangofuna kuti potsika unene kuti m'galimoto mwawo mumazizira.

Chilimwe chachiwiri, eyakoni inayamba kupuma mpweya wofunda. Anapita nayo kwa Sipanala, makaniko wa kuseri kwa sitolo ya zitsulo, amene satha kusunga chinsinsi ngakhale mutamumanga pakamwa.

"Gasi watha eti?" anatero a Juzi.

"Watha chifukwa akutuluka, bambo. Paipi yabooka m'kati mwa dashibodi. Kuti ndiifike, dashibodi yonse ichoke. Kompuresa, mtima wa eyakoniyo, nayonso ikulira ngati chigayo, masiku ake atha."

"Zingati zonsezo?"

Sipanala anawanong'oneza. A Juzi anavula magalasi a maso, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Mwana iwe, ndafunsa mtengo wa eyakoni, osati wa galimoto."

"Ndi wa eyakoni womwewo, bambo. Ntchito ya manja anga sindinaikepo."

A Juzi anati Sipanala ndi mbava, n'kupita kugalaja yaikulu ya m'tauni, kuja amavala maovolo oyera. Kumeneko anawapatsa mpando wofewa ndi madzi ozizira, kenako anawauza mtengo wowirikiza. Madziwo anamwa onse, poti anali aulere.

Kenako kunatulukira mkulu wina woyenda pa njinga yamoto, atamangirira chibotolo cha gasi kumbuyo. Iyeyo za paipi sankafuna kumva. Ankangopopera gasi, n'kulandira zake, n'kuliyatsa. Galimoto inkazizira mpaka kumapeto kwa sabata, kenako basi. Kunali kutunga madzi ndi dengu, koma a Juzi ankati n'zotchipa. Anatchipitsa choncho kambirimbiri, mpaka ndalama zopopera zija zikanatha kugula theka la kompuresa. Mapeto ake kompuresayo inagwira, lamba anafuka utsi pamaso pa sitolo, ndipo wa njinga uja sanaonekenso.

Munthu wina aliyense akanangotsitsa magalasi n'kumayenda ngati tonsefe. Koma a Juzi anaganiza mwakuya. Galasi lotsitsa limauza msewu wonse kuti eyakoni yafa, ndipo eyakoni yakufa imauza msewu wonse kuti mwini wake alibe yokonzetsera. M'mawa mwake anatuluka pageti magalasi onse ali thi! Iwo atavala juzi.

Amene anavutika kwambiri ndi mayi akunyumba kwawo, mzimayi wofatsa, wathupi ndithu.

"Bambo a kunyumba, tsitsaniko pang'ono, pongolowa chala."

"Mukufuna mphepo ituluke?"

"Mphepo yake iti?"

"Mayi, anthu akuona. Mwetulirani."

Ndipo ankadutsa pano akumwetulira, thukuta lili kamukamu, ngati anthu amene awagwira ndi mfuti koma awauza kuti asaonetse. Mabatani a magalasi a Juzi anawakhoma kumbali kwawo, kuti adzukulu asachite chipongwe. M'galimoto imeneyo munasungunuka zinthu zambiri: makandulo, majarini, keke ya mdzukulu, ngakhale chipewa cha pulasitiki cha apongozi awo chinapindika n'kukhala ngati mbale.

Tsiku lina wapolisi wa pamsewu anawaimitsa n'kugogoda pagalasi. Apa panalibe kuchitira mwina. Galasi litangotsika, mpweya unamuwomba kumaso wapolisiyo mpaka anabwerera m'mbuyo.

"Bambo, mukuphika chiyani muno?"

"Ndayatsa hita," anatero a Juzi, osaphethira n'komwe. "Eyakoni yanga imazizira mopitirira. Nthawi zina timayenera kufunditsako."

Wapolisiyo anayang'ana juzi, n'kuyang'ana mayi amene ankadzipepesa ndi buku la nyimbo, n'kuwauza kuti azipita msanga wina asanakomoke.

Mukudabwa kuti bwanji sitinawauze? Tikanayambira pati? Tonse tinkadziwa, poti Sipanala anali atafotokoza kale ndi mitengo yomwe, pampando wanga womwewu. Koma mwana wako akatentha thupi, amene ankatulutsa galimoto ndi a Juzi. Mkazi wako akayamba kumva kupweteka kwa pakati, ndi a Juzi omwewo, ndipo ankadikira panja pa chipatala mpaka mwana alire. Munthu wotere sumuvula pagulu. Choncho, popanda msonkhano uliwonse, msewu wonse unagwirizana: ukakwera, pirira, ndipo potsika uzisisita mikono n'kunena kuti, "Eee, kuzizira kwake!"

Ena anafika pochita luso. Telala wa pafupi ndi ine ankayetsemula kawiri asanatseke chitseko. Mayi wa pasitolo ankanyamuliratu shawelo m'chikwama, n'kudzifunditsa potsika, malaya atanyowa ngati agwera mu mgolo. Wina anafika powapempha kuti achepetseko, akuti ali ndi chifuwa. A Juzi anapotokoza batani lakufalo mwaulemu wonse n'kufunsa kuti, "Apa bwanji?" Iye anati apa ndiye zili bwino.

A Juzi akabwera kudzameta, ndinkapeza khosi lonse lili tizilonda ta thukuta.

"Khosili latani, bambo?"

"Ndi chisanu. Khungu langa silikondana ndi kuzizira."

"Ndiye ndisadule kwambiri, mungazizidwe mutu."

"Ayi, dulani, dulani. Mpala weniweni."

Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito yabwino kutali, anamva nkhaniyi kwa mayi ake. Atabwera kudzacheza anayesa kuwanyengerera.

"Ababa, ndipatseni makiyi ndikakonzetse. Ndilipira ine."

"Ukakonzetse chiyani?"

"Eyakoni."

"Yatani?"

Mtsikanayo anangoyang'ana kudenga. Pamenepo m'pamene panali vuto lonse: kulandira thandizo kunali kuvomera, ndipo kuvomera kunali kufafaniza zaka zonse za juzi. Choncho a Juzi anayamba kusunga ndalama okha, mwakachetechete. Anasiya kugula nyuzi, ankadzawerengera kwa ine. Anasiya kabotolo kawo ka Loweruka, akuti adokotala aletsa. Suti zawo za kuntchito zinayamba kuchoka imodziimodzi. Ife tinkangoti ukalamba wawapatsa umbombo, ndipo mtengo wa kompuresa nawo sunkawadikira, unkakwera chaka ndi chaka.

Chilimwe chathachi anatsanzika kuti akukaona mchimwene wawo. Zoona zake n'zoti anapita ndi galimoto ku tauni ina yakutali, kumene kunalibe wowadziwa. Kwa Sipanala sakanapita, poti msewu ukanamva kuti akukonzetsa chinthu chimene sichinawonongeke. Kumeneko amakaniko anachotsa dashibodi yonse, anaika paipi yatsopano ndi kompuresa yatsopano, ndipo a Juzi ankagona m'galimoto momwemo kuti asalipire chipinda. Zonsezi ife sitinadziwe. Anabisa bwino kwambiri, ndipo kumeneko ndiye kunali kulakwitsa kwawo.

Anabwerera tsiku lotentha kwambiri, loti phula linkamata ku nsapato. Anaimika galimoto pakona pano, mayi ali pambali pawo, n'kuliza hutala. Anatsegula chitseko pang'ono n'kufuula.

"Bwerani! Lowani mumve!"

Tinayang'anana. Kulowa m'galimoto ya a Juzi uli ndi wodwala, chabwino. Koma kulowamo dala, masana oterowo, popanda kopita?

"Tikudziwa, bambo, imazizira!" anayankha telala ali pa makina ake. "Ndili ndi diresi la eni ake, likufunika lero."

Mayi wa pasitolo anangoima pakhomo n'kusisita mikono ali chapatali.

"Eee, mpaka ikufika kuno! Tsekani, ingatuluke yonse!"

Sipanala anati ali ndi mutu. Ine ndinali ndi ndevu za munthu m'manja, ndinangokweza chala chachikulu. A Juzi anaitananso, maina ndi maina, mwachisangalalo. Aliyense anayankha mokoma, ndi mawu omwe aja a masiku onse, ndi nkhope yomwe ija ya masiku onse. Palibe anasuntha phazi.

Chitseko chinatsekedwa. Galimoto inakhala pomwepo kanthawi, injini ikulira. Zimene zinakambidwa m'katimo anadzatiuza ndi mayi pambuyo pake.

"Mayi, anthuwa ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la utsi lija."

"Onse?"

"Ndi ana awo omwe."

Akuti a Juzi anaika dzanja pa kabowo kotulukira mphepo.

"Nanga bwanji sananene?"

"Akananena, mukanawatengabe kupita kuchipatala?"

"Ndikanawatenga."

"Iwo ankadziwanso zimenezo. N'chifukwa chake sananene."

Kuyambira tsiku limenelo sanaitanenso munthu kuti amve. Ankadutsa monga kale, magalasi otseka, ndipo ife tinkawamvera chisoni monga kale. Wofuna kupita kuchipatala sanapezeke masabata amenewo, ngati kuti matenda nawo anapangana. Chilimwe chisanathe, a Juzi anamwalira m'mawa wina ali pampando wa pakhonde, nyuzi yanga ili pamiyendo. Adokotala anati mtima.

Tsiku lokawaika, mkamwini wawo ndiye anayendetsa galimoto ija. Anati akuluakulu a mumsewu tikwere ndi mayi. Tinakwera ine, telala, mayi wa pasitolo ndi Sipanala, aliyense atakonzekera kupirira komaliza. Telala anali atamasula kale batani la m'khosi.

Mkamwini anapotokoza kiyi. Tisanafike ndi pakona pomwe, mphepo inatiwomba m'miyendo, kenako kumaso. Inali yozizira kwenikweni. Sipanala anatambasula dzanja n'kuika pa kabowo kaja, n'kulisiya pomwepo nthawi yaitali. Kenako anatiyang'ana.

"Anakonzetsa," anatero mayi ali kutsogolo, osatembenuka. "Tsiku lija ankakuitanani."

Telala anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kunena mawu athu aja, koma anatsekanso. Mawuwo tinali titawawononga pa bodza, ndipo ena tinalibe. Ulendo wonse mikono inali tsembwe, ndipo palibe anapempha kuti achepetse. Mayi wa pasitolo analira njira yonse. Ineyo, amene sindilira pamaliro, mtima unandiwawa kwambiri.

Galimotoyo mwana wawo anapita nayo kumene amakhala. Pageti paja pamera udzu m'mene munkadutsa matayala. Munthu akadwala masiku ano timaimbira takisi, ndipo woyendetsa amayamba wanena mtengo wodwala asanakwere. Masana kuno kumakhala zii, telala amangosinza pa makina. Magalimoto aakulu achuluka tsopano, amadutsa pakona pano magalasi ali otseka, ndipo ndikhulupirira kuti m'kati mwake mumaziziradi. Koma palibe ndi imodzi yomwe imene imaima.