Matikiti Otchipa a Abdelkebir

Amene anandilakwira ine ndi mlamu wanga Abdelkebir, mlongo wake wa mkazi wanga Zhor, ndipo anandilakwira chilimwe chathachi. Dzinalo mulisunge, kuti mukadzamva wina akunena kuti "ine intaneti ndimaidziwa," mudzagwire thumba lanu n'kuthawa.

Inu, tamverani. Mwana wanga Rachida, uja ali ku Montreal, anaimba foni kuti akukwatiwa. Mwana wamkazi mmodzi yekhayo! Akuti, "Ababa, mpando wanu ndaukonza kale, pafupi ndi ine. Za mapepala olowera kuno zatheka, inu mungogula matikiti, mudzanyamuke pa 7 Ogasiti."

Ndinapita kwa wogulitsa matikiti uja wa pafupi ndi msika waukulu kuno ku Khouribga. Atatchula mtengo, ndinamufunsa ngati tikakafika ndegeyo andipatsa ikhale yanga. Ine ndakalambira mumgodi, msanawu unapindikira komweko, ndiye ndikapereke zonsezo kwa munthu wongokhala pampando wozungulira?

Kufika kunyumba, ndinapeza Abdelkebir ali pambale yanga, monga mwa masiku onse.

"Alamu, amenewo ndi akuba," anatero, mkamwa muli modzaza. "Masiku ano tikiti imagulidwa pafoni. Pali malo ena a pa intaneti a ku America, mtengo wake ndi theka."

"Theka?"

"Theka. Moti zotsalazo zigula tikiti yanga, ndikuperekezeni. Inu nokha mungakasochere, zikwangwani zija simutha kuwerenga."

Mwachiona chifundo? Munthu kudzipereka kuwoloka nyanja ndi ndalama zanga, chifukwa chondikonda.

Anakanda foniyo madzulo onse, lilime lili panja, kenako n'kundionetsa. "Si izi? 07/08. Tsiku la 7, mwezi wa 8." Manambala ndimawadziwa, inetu. Ndinavomera.

Tsiku litayandikira m'pamene anatiuza kuti matikiti otchipawo salola masutikesi. Kachikwama kamodzi basi, koti mungalowe nsapato ndi chisa. Zhor anangokhala pansi pakati pa katundu wake: madiresi a ukwati opeta ndi ulusi wagolide, mabulangete a mkwatibwi, makeke amene anaphika ndi amayi a mumsewu wonse.

"Achemwali, musalire," anatero katswiri uja. "Chimene munthu wavala sachiyeza pasikelo."

Ndiye tinavala. Ine anandiveka diresi la mkwatibwi mkati, chifukwa Zhor anali atadzaza kale, bulangete m'chiuno, pamwamba pake mikanjo yanga itatu, umodzi waubweya. M'chipewa cha mkanjo, chija chimalendewera kumsanachi, anathiramo makeke ndi ketulo ya tiyi. Mu Ogasiti! Dzuwa la kuno mumalidziwa, lija limaphika dzira padenga la galimoto.

Msewu wonse unatuluka kudzatsanzikana nafe, amayi nthungululu, ana kuthamangira galimoto. Woyendetsa takisi anatiyang'ana n'kunena kuti, "Haji, mwanenepa bwino, Mulungu akuonjezereni, koma aliyense alipira mipando iwiri." Kutchipa kunayambira pamenepo.

Tinafika pabwalo la ndege ku Casablanca nditasungunuka. Thukuta linkatuluka m'nsapato. Makeke aja anali atasanduka phala, uchi ukutsika ndi msana, ntchentche zikunditsata ngati ndine mtembo wa bulu. Abdelkebir anapita patsogolo, chifuwa chili tototo, n'kupereka foni kwa mtsikana wa pakauntala.

Mtsikanayo anayang'ana foni, n'kutiyang'ana, n'kuyang'ananso foni.

"Agogo, ndege yanu inapita."

"Inapita bwanji, mwana wanga? Tachedwa?"

"Mwachedwa ndi mwezi. Malo amene munagulawa ndi a ku America. Iwo amayamba kulemba mwezi, tsiku pambuyo. Apa palembedwa 8 Julayi."

Mwamva? Dziko lonse la anthu oganiza limayamba ndi tsiku. Koma awo, poti anakapondako kumwezi, basi chilichonse aziyamba ndi mwezi! Tsiku limene ndege yathu inkauluka ndi mipando itatu yopanda anthu, ine ndinali pano, patebulo lomweli, ndikukuuzani inu nomwe kuti ndagula motchipa.

"Nanga ndalama?" ndinafunsa.

"Matikiti amtundu umenewu sabweza, agogo. N'chifukwa chake amatchipa."

Ndinatembenukira kwa Abdelkebir. Iye anakweza manja kumwamba, nkhope ili ngati ya shehe pamaliro.

"Zinalembedwa, alamu."

"Eya, zinalembedwa! Ndipo unalemba ndiwe, galu iwe, chozondoka!"

Ndinafuna kumugenda ndi ketulo, koma mkono sunkafika kumsana chifukwa cha mikanjo ija. Ndinazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, mutu unazungulira nawo, ndiye ndinagwa. Nditatsegula maso, apolisi awiri anali atandivula mikanjo yonse kuti ndipume. Ine, Bouchaib, bambo wandevu zoyera, gone pakati pa bwalo la ndege m'diresi lobiriwira la mkwatibwi! Mmodzi anandipatsa madzi n'kunena kuti, "Zabwino zonse, Haji. Mwamunayo ndi wakuti?"

Kunyumba sitinabwerere, manyazi. Tinagona kwa msuweni wa Zhor, ndipo m'mawa mwake Zhor anavula zibangili zake zagolide n'kukagulitsa. Zinakwana matikiti awiri okha, pamtengo woposa uja ndinaukana.

"Chabwino," ndinatero. "Tipite awiri, uyu abwerere wapansi."

Zhor anayang'ana pansi. "Bambo a Rachida, musakwiye. Ndege yake ndi yosinthira panjira. Ine sindiwerenga, inu simuwerenga. Atitsogolera ndani?"

"Ndiye akutsogolere amene sadziwa kusiyanitsa tsiku ndi mwezi?"

"Koma zikwangwani amawerenga."

Ukwati wa mwana wanga ndinauonera pafoni ya mwini malo omwera tiyi ano, chithunzi chikudukaduka. Rachida analira, n'kunena kuti, "Ababa, mukundiona?" Ndinkamuona. Ndinkaonanso amene anakhala pambali pake, pampando wanga, atavala mkanjo wanga woyera, akulandira moni wa akuchimuna n'kumagwedeza mutu ngati mwanayo anamulera ndiye. Anatenga mwendo wa nkhosa n'kuukweza kuti ndiuone bwino.

"Alamu, musadandaule, ndikukuimirirani!"

Zhor anabwera mwezi utatha, manja opanda chibangili. Abdelkebir sanabwere. Anapeza ntchito konko, m'kasitolo ka munthu wa kwathu kuno. Amagulitsa matikiti a ndege.